Wanyamula nyumba, koma madzi apempha

Mvula ikayamba kukata kumapeto kwa Malichi, pamene chimanga chachiwisi chili pamoto khomo lililonse ndipo maungu ali mbwee m'minda, pachipata cha Cassacatiza pamaoneka galimoto zachilendo pakati pa mathiraki opita ku Zambia. Ana amazitchula kuti nyumba zoyenda, ndipo sanalakwe. M'kati mwake muli bedi, mbaula ya gasi, kafiriji, thanki ya madzi, ngakhale kachimbudzi. Padenga pali sola yodzaza batire lachiwiri, kotero kuti eni ake akhoza kugona patchire magetsi akuyaka. Kumene dzuwa lawalowera, kwawo ndi komweko, monga ichitira nkhono.

Kawirikawiri eni galimotozi ndi anthu achikulire a ku South Africa kapena ku Ulaya amene anapuma pantchito. Amakonda masika chifukwa kutentha kwa kugombe ndi kwa m'chigwa cha Zambezi kumakhala kutachepa, mitsinje yayamba kuphwa, koma dziko likadali lobiriwira. Ochenjera amadikira kuti Malichi apite ndithu, pokumbukira kuti namondwe wa Idai anasakaza Beira mu Malichi 2019, ndipo wa Freddy anagumula mapiri kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023.

Pali mayi wina amene amagulitsa nthochi, tomato ndi mtedza pafupi ndi chipatacho. Msewu umenewu amaudziwa mwa njira ina. Ali kamtsikana, nthawi ya nkhondo, anadutsa m'tchire la m'malire momwemu usiku, amayi ake atasenza mphika ndi mphasa, abambo ake atanyamula khasu ndi kathumba ka ufa. Nawonso ananyamula nyumba yawo, koma pamutu. Anakakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke, ndipo ngakhale mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, iwo anabwerera mu 1994. Kuyambira pamenepo, kwa mayiyu ulendo ndi chinthu chimene munthu amayenda pothawa, popita kumaliro kapena pokafuna mankhwala. Zoti nkhalamba ziwiri zingasiye nyumba yabwinobwino nkumagona m'misewu mwakufuna kwawo, ankaziona ngati misala ya anthu okhuta.

Masika ena, imodzi mwa galimotozi inaima nthawi yaitali poyembekeza zikalata. Mayi wokalamba wa imvi mbuu anatsika, nayamba kusankha tomato. Wogulayo ankalankhula Chingerezi, wogulitsa Chinyanja ndi Chipwitikizi cha apo ndi apo, choncho mnyamata wina wosintha ndalama wa ku Chanida ndiye anakhala mkamwa mwa onse awiri.

"Afunseni agogowa, akuthawa chiyani kwawoko?" anatero mayi wa tomato.

Agogowo anaseka mpaka misozi, kenaka anatulutsa foni nayamba kuonetsa zithunzi za kumene anadzera. Analowa m'dziko muno pa Ressano Garcia, nadutsa Maputo, natsata msewu wa N1 kuwoloka Limpopo pa Xai-Xai. Anagona masiku angapo ku Tofo, pafupi ndi Inhambane, pansi pa mitengo ya kokonati. Ku Vilankulo anaona mabwato a matanga akupita ku zilumba za Bazaruto, ndi madzi amene amathawa gombe nkubwereranso kawiri patsiku, kusiya mabwato atakhala pamchenga. Atawoloka Save anakhotera pa Inchope, nakwera ku Chimoio kumene kuli thanthwe looneka ngati nkhope ya nkhalamba yogona chagada, la Cabeça do Velho. M'mapiri a Chimanimani, kumene kuli Binga, phiri lalitali kuposa onse m'Mozambique la mamita 2,436, anafunda mabulangete awiri. Atadutsa Catandica anatsikira m'dziko la milambe ndi mbuzi la Changara, nafika ku Tete thukuta lili kamukamu. Kuchoka ku Maputo kufika ku Tete kokha ndi makilomita opitirira 1,500. Tsopano anali kupita ku Katete, Chipata ndi ku Mfuwe kukaona nyama, kenaka ku nyanja ya Malawi ndi phiri la Mulanje.

Mayi uja anayang'anitsitsa chithunzi cha nyanja yamchere, madzi opanda tsidya.

"Limeneli ndi dziko liti?" anafunsa.

"Ndi lanu lomweli, mayi," anayankha mnyamatayo, asanawafunse nkomwe agogo aja.

Mawu amenewa anamukhala pamtima. Mayiyu amadziwa Katete ndi misika yake, amapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba mu Ogasiti kukaona Gawa Undi, koma nyanja ya dziko limene dzina lake lili pachitupa chake anaionera m'manja mwa mlendo. Sanachite manyazi, koma usiku umenewo sanagone msanga.

Chinatsatira ndicho chimene anachikamba kwambiri kwa anzake pamsika. Bambo wokalamba, mwamuna wa agogo aja, anabwera ndi zigubu ziwiri m'manja, nafunsa mwaulemu kumene angapeze madzi abwino. Thanki inali itauma. Galimoto ya ndalama zimene mudzi wonse sungazione pa zaka khumi, yokhala ndi firiji ndi magetsi ake, inafunika mjigo wa m'mudzi. Anafunsanso ngati msewu wa ku Katete uli bwino pambuyo pa mvula, ndiponso kumene angagone popanda kuopa. Zonsezi foni yawo sinathe kuwauza motsimikiza. Anawauza ndi anthu.

Apa ndi pamene pali nkhani kwa anthu a m'mbali mwa msewu uno. Mlendo wotere sagona m'nyumba zogona alendo, sadya m'malesitilanti, sakwera chapa. Ambiri amati sapindulitsa, ndiye ana amangomuthamangira akukuwa kuti awapatse masiwiti kapena ndalama. Mwambo umenewu ndi woipa pawiri. Mwana wothamangira galimoto pamsewu wa mathiraki akusewera ndi imfa, ndipo mlendo wozingidwa ndi manja opempha amakweza magalasi nathawa osagula kanthu. Wina akaima, amapatsidwa mtengo wa katatu chifukwa cha khungu lake, ndipo iye amakauza anzake a m'mbuyo kuti pa Cassacatiza musaime. Anthu amenewa amauzana zonse pafoni, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mayi uja anachita zina. Anawagulitsa tomato pamtengo umene amagulitsira wina aliyense. Anatuma mwana wake wamkazi kuti awaperekeze kumjigo, ndipo kangachepe kamene alendowo anapereka kanapita kwa a komiti ya madzi, osati m'thumba la mwana. Pobwerera anagulanso chimanga chootcha, mazira ndi mtolo wa nkhuni. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame omwewo amanyowetsa mbewu.

Za nyanja sanaziiwale. Chikhalire sanasinthe maganizo ake akuti kugona m'galimoto uli ndi nyumba ndi chinthu chodabwitsa, koma anazindikira kuti msewu umene nkhalamba ziwiri zingayende popanda mfuti kapena asilikali owaperekeza ndi msewu wa mtendere, ndipo mtenderewo si wa alendo okha. Tsopano m'kachitini kena amaponyamo timakobidi tapadera. Akuti mwana wake akamaliza sekondale, masika ake adzakwera chapa mpaka ku Tete, nakweranso basi ya ku Beira, kuti akalawe okha ngati madziwo alidi amchere.