Kaduwa ka oxlip ku England ndi chinaka chathu

Abale anga a kumudzi, ndi inu amene tili limodzi kunja kuno, ndikufuna tikambirane za kaduwa kotchedwa oxlip. Kamamera kum'mawa kwa England, makamaka ku Suffolk, Essex ndi Cambridgeshire, ndipo m'madera ena a dziko lino nkosowa. Kamachita maluwa mu April, chisanu chikangotha, mitengo isanavale masamba, dzuwa likadafikabe pansi. Maluwa ake ndi achikasu chotuwirako, angapo pa phesi limodzi, onse ozolikira mbali imodzi.

Kamasowa chifukwa kamakonda nkhalango zakalekale, zimene zakhalapo kuyambira 1600 kapena kale kuposa apo, pa dothi lamakande lonyowa. Nkhalango yotere ikathyoledwa nkukhala munda, ngakhale mudzabzalenso mitengo, kaduwaka sikabwerera msanga. Mdani wina ndi agwape. Achuluka chifukwa kulibe zilombo zowagwira, ndipo amabudula maluwa njere zisanakhwime.

Chimene chandigwira mtima ndi kasamalidwe kake. Nkhalango ya Hayley Wood inagulidwa mu 1962 ndi bungwe loteteza zachilengedwe, ndipo anamangamo mipanda yotchinga agwape. Ku Bradfield Woods akhala akudula mitengo kuyambira 1252, koma nkhalango ilipobe. Amadula chigawo chimodzi nkusiya zitsa, chaka chinacho apita chigawo china. Zitsa zija zimaphuka, kuwala kumafika pansi, oxlip nkudzaza malo onse. Mitengo yodulidwayo imakhala nkhuni, mipanda ndi mipini. Palinso lamulo la 1981 loletsa kuzula chomera chakutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Munthu akakaona kaduwaka amagwada, nkujambula ndi foni, nkumapita manja ali zii.

Kwathu nafenso tili ndi maluwa amene alendo amawolokera nyanja kudzaona. Ku Nyika kokha kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200. Ena mwa iwo ndi amene timakumba timizu tawo totupa tija popanga chinaka, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda. Kale ankakumba zongokwanira ndiwo za pakhomo. Lero matumba akupita ku misika ya m'tauni mpaka kudutsa malire. Mayi wokumbayo sindingamuloze chala, akufuna sopo ndi fizi ya mwana. Koma mzu ukachoka chomera chafa, ndipo dambo likakumbidwa chaka ndi chaka, mwana wake yemweyo adzalipeza lopanda kanthu.

Nzeru ya ku Bradfield si yachilendo kwa ife. Mlimi aliyense amadziwa kuti chitsa cha mombo kapena msuku chimatulutsa mphukira ngati wachiteteza ku moto ndi mbuzi. Ku manda kwathu mitengo yachilengedwe idakalipo chifukwa mudzi wonse unagwirizana kuti nkhwangwa isalowe mwachisawawa, ndipo mfumu ikalankhula anthu amamva. Chimene sitinachite ndi kupereka ulemu womwewo kwa zomera zing'onozing'ono.

Pempho langa likupita kwa mafumu ndi makomiti a nkhalango za m'midzi kumene chinaka chimamera. Gawani dambo m'zigawo, china chizikumbidwa pamene china chikupuma. Kukumba kudikire mpaka njere zitamwazika, ndipo wokumba asiyeko zina m'nthaka. Inu a ku Rumphi ndi ku Chitipa amene mukuwerenga izi, kafikitseni nkhaniyi pa bwalo la amfumu mvula ikubwerayi isanagwe.