Kusaka akufa m'mabuku

Kwabwera anyamata masiku ano kuno ku Chipata, aliyense ndi laputopu yake ndi kamakina kosindikizira, ouza amasiye kuti chikalata cha imfa chituluka dzuwa lisanalowe. Mtengo wawo ndi theka la wanga. Kompyuta sindidana nayo, nanenso ndili nayo. Chondiwawa n'chakuti mayi amene anapita kwa iwo amadzatulukira kwa ine patapita miyezi, pepala lake atalikana, ndalama zoyendera zitatha, n'kumati ndimutsitsire mtengo poti analipira kale. Munalipira yani, amayi?

Chikalatacho sindipanga ine ayi. Chimatuluka kwa kalembera wa boma, ofesi yomwe ija yodulitsako mareji. Ntchito yanga ndi yosaka umboni woti kalembera, khoti kapena banki akhulupirire kuti munthuyu analipodi, anamwaliradi, ndipo amene waima pamaso pawoyu ndi mbale wake weniweni.

Za womwalira dzana m'chipatala sindingatayirepo inki. Dokotala amalemba chomwe chamupha, khonsolo ipereka chilolezo choika maliro, inu n'kunyamula reji ya malemu. Wofera panyumba muyambira kupolisi, wakumudzi kwa amfumu. Aliyense amene anathamangapo pamaliro akuzidziwa zimenezi. Kale mapepala ankakasainidwa ku Lusaka kokha, koma lamulo litasinthidwa mu 2016 ntchitoyi inayamba kutsikira m'zigawo. Vuto ndi loti maliro akangoikidwa anthu amaiwala zonse, mpaka tsiku limene a NAPSA, oona za penshoni, afunsa chikalata, kapena khoti likufuna kusankha woyang'anira chuma cha masiye. Paja lamulo la 1989 limati munthu akafa osasiya wilo, ana atenge 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna 20, makolo 20, ndipo ena odalira malemuyo 10. Magawowo akamveka, achibale amene sanaoneke pamatenda amakumbukira njira.

Pamene pagona luso ndi pa dzina. Lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense m'Zambia ndi la 1973. Agogo amene anatisiya m'ma 1950, tauni ino ikadali Fort Jameson, musavutike kuwafunira chikalata cha boma. Ndipo ngakhale omwalira pambuyo pa 1973, akumudzi ambiri sanalembedwe. Tsono munthu timachita kumusonkhanitsa kuchokera m'mabuku osiyanasiyana, ndipo m'buku lililonse ali ndi dzina lina. Lina anam'patsa ali khanda, lina atakula, lina pobatizidwa, lina kufamu ya fodya komwe kapitawo anangomutcha Supuni kapena Foloko. Mlembi wina analemba Mvula, wina Mbvula. Wina Nkhoma, wina Nkoma. Wina anatenga dzina la bambo n'kuliyesa mfunda. Nanga mudzi umene theka lake ndi a Phiri ndipo theka linalo ndi a Banda, mukangopeza "John Phiri" m'buku mwapeza chiyani? Anyamata aja amasindikiza dzina limene auzidwa ndi wolipira, basi. Kenaka kupenshoni aona kuti la pa reji ndi lina, la m'buku la ntchito ndi lina.

Amene anandiphunzitsa anali mdala wina amene anagwirapo ukalaliki wa khoti kuyambira nthawi ya atsamunda. Anali wouma mtima pa zolemba, wofatsa pa zina zonse. Ankavala jekete ngakhale mu Okutobala, kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndipo cholembera chake sankabwereketsa munthu, ngakhale ine wonyamula chikwama chake. Ndisanaloledwe kulemba afidaviti, anandikhazika miyezi yambiri ndikungokopera mayina m'kope, iwo n'kumayang'ana chilembo chilichonse. Akapeza kuti ndakonza kalembedwe ka mlembi wakale, ankang'amba tsamba lonse. Ankati kulakwitsa kwa mlembi nakonso ndi umboni, ukusiye momwe kulili. Tinkayenda panjinga, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo pofika pamudzi sankatulutsa pepala msanga. Ankayamba apereka moni kwa amfumu, afunsa za mvula, alandira madzi, kenaka n'kupempha kuti awaitanire agogo aakazi. Amuna, ankatero mdalayo, amakumbukira milandu. Amayi amakumbukira amene anabereka mnzake. Ndipo sankafunsa chaka. Ankafunsa kuti, "Kodi anamwalira njala ya 1949 isanafike kapena itapita? Zitupa zinali zikadalipo? Kaunda anali atalowa?" Chaka ankachipeza okha pobwerera, tili pamthunzi, akudya mtedza umene anatininkha.

Lamulo lawo linali lakuti dzina limasintha, koma mudzi, mfumu ndi mayi wobereka sizisintha wamba. N'chifukwa chake reji ndimaiwerenga yonse, osati chithunzi chokha: pali mudzi, pali mfumu, ndipo manambala apakati aja amaulula boma limene anadulitsirako. Koma ngakhale mudzi umafuna kusamala. Midzi yambiri kuno inasamutsidwa pamene atsamunda anadula malo osungirako anthu akuda kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inanso inasamuka boma litatenga malo a kampani ya North Charterland mu 1941. Mu 2018 Kasenengwa ndi Chipangali zinakhala maboma paokha. Munthu wobadwira "ku Fort Jameson" angakhale wa kwa Mpezeni, kwa Chanje kapena kwa Madzimawe, ndipo uyenera kudziwa khomo loyamba kugogoda.

Mabuku amene ndimawakonda koposa ndi a mipingo. A Dutch anafika ku Magwero mu 1899, n'kutsegula Madzimoyo mu 1903. Chaka chomwecho ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere, kutsidya kwa malire, ndipo Akatolika oyambirira a kuno ankatumikiridwa kuchokera kumeneko, kotero nthawi zina mbiri ya banja la ku Zambia umakaifunsa utaoloka pa Mwami. A Anglican awo ndi Msoro. Buku la ubatizo limatchula makolo, mudzi ndi mboni, ndipo wansembe wakhama ankabwerera patsamba lomwelo kudzalemba m'mphepete za ukwati, ena n'kuikapo kamtanda munthu akamwalira. Kamtanda kameneko ndi tsiku lake kangathetse mkangano umene banja lalimbana nawo zaka. Mapepala ake ndi ofooka, chiswe chinalawako, ndipo sinditsegula buku lotero ndi manja a thukuta. Ku National Archives ku Lusaka kuli mabuku a ma DC akale, abwino pa mbiri ya mafumu ndi midzi, koma munthu wamba saoneka kawirikawiri m'menemo.

Ovuta kwenikweni ndi machona. Anapita ku Halale, ku Joni kapena kumigodi, makalata n'kuleka. Banja limangoti "anafera ku Wankie", ndipo aliyense amafuna kuti akhale mmodzi wa anthu 427 amene anafa pangozi ya mgodi wa malasha pa 6 Juni 1972, kapena wa 89 aja a ku Mufulira mu 1970. Enadi analipo. Koma ambiri anangokwatira kumeneko, n'kukalamba, n'kuikidwa ndi dzina la kuntchito. Adzukulu awo ndi amene akundilembera tsopano kuchokera ku Harare ndi ku Johannesburg, kufuna umboni woti agogo anali a kuno.

Ofuna zotere amadabwa ndikatchula mtengo. Amawerenga mapepala awiri amene ndawapatsa, osawerenga mafuta a njinga yamoto, kudikira abusa amene apita kumaliro, kapena kangachepe kopatsa nkhalamba ziwiri zimene zavomera kukalumbira pamaso pa wolumbiritsa. Ena amafika ndi yankho lawo m'thumba: akufuna ndipeze kuti agogo awo anali a banja lachifumu, pali munda kapena mpando umene akuulondalonda. Buku likanena zina, amati sindinafufuze bwino, ndipo theka lotsala la ndalama zanga limapita nawo. Masiku ano otere ndimawalipiritsa zonse ndisanakwere njinga.