Chithunzi chinalipo, koma kunalibe kuwala

Kanema wa mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Mchinji anazima Loweruka madzulo, nkhani zili mkati. Mawu a wowerenga nkhani anapitiriza kumveka, koma galasi linangoti bii. Mkuluyu anakhala chete nthawi yaitali. Kanemayo anabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg atakulungidwa m'mabulangete, ndipo mwana wake amene anamutumiza anali atachotsedwa ntchito. Kugula wina kunali kosatheka. M'mawa mwake mnansi anafika ndi chigamulo chakuti galasi lapsa, nadzipereka kugula "mtembowo" pa mtengo wa nkhuku ziwiri.

Mkuluyu anakana, napita naye kwa mnyamata wokonza zamagetsi pa boma. Mnyamatayo sanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Anayatsa kanemayo, anatseka chitseko kuti mukhale mdima, kenako anagunditsa tochi ya foni pagalasi. Pamene panagwa kuwalako panaoneka zithunzithunzi za anthu akuyenda, zozilala ngati za m'maloto.

"Taonani, bambo, anthu aja alipo. Zafa ndi nyale zakumbuyo."

Dzina lakuti LED limasocheretsa, ndipo amalonda sachita khama kuliwongola. M'makanema ambiri otchedwa dzinali, chimene chimapanga chithunzi ndi LCD: timadzi tapadera tofinyidwa pakati pa magalasi awiri opyapyala. Timadziti sitiwala patokha. Ntchito yake ndi kutsegulira kapena kutsekera kuwala, ngati timazenera. Kanema wa Full HD ali ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, toposa 2 miliyoni tonse pamodzi, ndipo kadontho kalikonse kali ndi timazenera titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Magetsi akasintha mphamvu, tinthu ta m'timadzimo timatembenuka, kuwala n'kudutsa kochuluka, kochepa, kapena osadutsa n'komwe. Diso ndilo limasakaniza mitundu itatuyo n'kuona khungu la munthu kapena udzu wa pabwalo la mpira. Zili ngati zenera la magalasi amitundumitundu la m'tchalitchi: usiku zojambulazo zilipo ndithu, koma popanda dzuwa kuseri kwake palibe aziona.

Dzuwa la kanema ndi mizere ya tinyale ta LED tomatidwa kumbuyo. Tinyaleti timalumikizidwa mondondozana, kotero kamodzi kakapsa, njira ya magetsi imaduka ndipo tinzake tonse timazima. Mphunzitsiyo, amene anaphunzitsa sayansi ku pulayimale zaka zambiri, anaseka atamva zimenezi: ndi phunziro lomwe lija la mabatire ndi mababu limene ankajambula pa bolodi.

Chimene sanachidziwe ndi chakuti kanyale kooneka koyera kaja ndi kabuluu, kokutidwa ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor. N'chifukwa chake kanema wokalamba nthawi zina amayamba kuonetsa zonse mobuluwira, chokutiracho chikawonongeka. LED yofiira inapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962, koma yabuluu yowala bwino inazunza akatswiri zaka pafupifupi 30, mpaka Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan anaitheketsa pogwiritsa ntchito gallium nitride. Analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Mnyamatayo ananyamula galasi mosamala ngati dzira, popeza likang'aluka ndiye kuti zatheratu, nasintha mizere yonse ya tinyale. Atamaliza anatsitsa mphamvu ya nyale zakumbuyo pa rimoti.

"Musamazikweze mpaka kumapeto, bambo. Chimazipha msanga ndi kutentha."

Lamulungu lotsatira mwana uja anaimba foni kuchokera ku Johannesburg, mawu ake ali otopa, nafunsa ngati kanema akugwirabe ntchito. Mkuluyu anayang'ana pagalasi, pamene kwaya ya amayi ovala zitenje zofiira inkaimba, nayankha kuti akuonetsa bwino kwambiri. Za masiku amdima aja sanatchule.