Ulendo wa ku Chikombe: Nyanja Nayo Imapuma



Mwezi wa Januwale ndidapita ku Chikombe m'boma la Salima kukaona amalume anga amene adakalambira pa usodzi. Kunena zoona, ndidanyamuka mtima uli m'mwamba. Dzulo lake mayi a kunyumba adandiuza mawu olasa: mwana wathu wa zaka 7 satha kumaliza Surat Al-Fatiha, chonsecho bambo ake ndi ophunzitsa ana a eni. Sadaname. Ndikaswali Fajr ndimathamangira kumunda, masana ku madrassa, madzulo ku misonkhano ya pamzikiti. Pofika pakhomo ana amakhala atagona, mayi awo ali lefu ndi za kumsika. Koma m'malo movomera, ndidapsa mtima.

Chikombe ndi doko limene asodzi amakwerera popita ku chilumba cha Mbenji. Ndimayembekezera phokoso la maboti ndi ogula nsomba, koma ndidapeza kuli zii. Mabwato adali pamtunda, mathandala oyanikapo nsomba ali mbee, ndipo amuna ambiri adali ku minda yawo. Amalume ndidawapeza pamthunzi akusoka ukonde mosafulumira.

Iwo adandifotokozera kuti chaka chilichonse mu Disembala, Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka usodzi ku Mbenji ndipo aliyense amachoka pachilumbapo kufikira mu Epulo. Lamuloli lidayamba m'zaka za m'ma 1950. Miyezi imeneyi nsomba zimaswana mosasokonezedwa, asodzi amapewa ziphaliwali za nthawi ya dzinja, komanso amapeza mpata wolima ndi kukhala ndi mabanja awo. Ngakhale atatsegula, mowa, chamba ndi njuga saloleza pachilumbapo. N'chifukwa chake utaka wa ku Mbenji umatchuka ndi kukula kwake.

Titaswali Asr ndidawaululira za kunyumba. Adamvetsera osadukiza, kenaka adati: "Mwalimu, wokoka nyanja chaka chonse amadya bwino zaka zochepa, pambuyo pake amakoka madzi okhaokha. Ifetu timatseka miyezi inayi. Nanga inu mudatsekapo liti?"

Ndidasowa poyankha. Usiku umenewo, ndikumva mafunde, ndidakumbukira nkhani ya mu Sahih Bukhari imene ndimaiphunzitsa kawirikawiri. Salman Al-Farsi atakacheza kwa Abu Darda adapeza mkazi wa mnzakeyo ali wosadzisamala chifukwa mwamuna wake adalibe naye nthawi: masana kusala, usiku kuswali. Salman adamuumiriza kuti adye, adamugoneka mpaka chakum'bandakucha, ndipo adamukumbutsa kuti Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake, aliyense ali ndi gawo loyenera kupatsidwa. Mtumiki (S.A.W.) atamva adagwirizana ndi Salman. Tsono ngati ibada yeniyeniyo siloledwa kulanda gawo la banja, kuli bwanji misonkhano yanga?

Nditabwerera ndidayamba ndi kupepesa, ndipo tidagwirizana zinthu zitatu. Kuchokera pa Maghrib kufika pa Isha, kupatula swala, ndi nthawi ya pakhomo: timakhala pamkeka ndi ana, mafoni ali patali. Lachisanu tikachoka ku Jumu'a sindilandira msonkhano uliwonse. Loweruka masana mayi amagona pang'ono, ine nkumayang'anira ana. Ena pamzikiti adadandaula, ndipo ndalama ya Lachisanu kumsika idachepa. Zimenezi sindikubisa.

Abale anga, asodzi, alimi a mpunga ndi amayi a geni, sindikuti tisiye kugwira ntchito. Kufunafuna riziki ya halali ndi udindo wathu. Koma khalani pansi awirinu musankhe nthawi yanu yotseka, ngakhale ikhale ola limodzi patsiku, ndipo muiteteze monga a ku Chikombe atetezera chilumba chawo.

Mwana wathu uja tsopano wafika pa ayah yomaliza. Amaphonyabe mawu awiri, ndipo tikuwakonza pang'onopang'ono madzulo aliwonse. Allah atipatse nzeru yogawa bwino nthawi yathu. Ameen.