Duwa losaopa chisanu

Kuno ku Ottawa, Januwale akafika kumazizira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro. Maluwa ambiri a rozi amafuna kuwafunditsa ngati khanda, koma William Baffin ayi. Mtundu woyanga umenewu anaupanga katswiri wa zomera Felicitas Svejda mumzinda uno, ndipo unatuluka mu 1983. Umagona m'chipale chofewa osafunda, Juni akakwana mpanda wonse pinki yekhayekha. Fungo ndiye n'lochepa, tisanamizane.

Nditawaonetsa amayi pa WhatsApp, anangofunsa kuti, "Ndalama yonseyo, kodi zimadyedwa?" Iwo anali kuwerengera feteleza wa munda wathu ku Dedza. Ndinawauza kuti m'dziko la eni muno, chimenechi n'chokhacho chomwe ndadzala ndi manja anga. Anakhala chete. Chaka chino ayamba okha kufunsa ngati laphukira.