Kompyuta imayankha funso lokhalo lomwe waifunsa

Ntchito yanga ndi yokonza mapulani a milatho ndi nyumba zosanja, ndipo nthawi yambiri imandithera pa kompyuta, kumanga chinthu chomwe kulibe n'kumachisenzetsa katundu. Mtanda wa konkire ndimaugawa m'tizidutswa tambirimbiri, pulogalamu n'kuwerengera mphamvu yomwe ikupsinja kachidutswa kalikonse. Pa sikirini, malo opepukidwa amaoneka obiriwira, othinidwa kwambiri amafiira psuu. Ndingathe kuyendetsapo lole yodzaza, kuwombetsa chimphepo, kuchotsa nsanamira imodzi, n'kuyerekeza mapulani khumi thumba la simenti lisanatsegulidwe n'komwe. Amene amati akale ankamanga bwino popanda zonsezi sakunama, koma kusadziwa kwawo ankakulipira ndi zipupa zokhuthala mopitirira muyeso, nthawi zina ndi miyoyo ya anthu. Chida ichi sindingachisiye. Chomwe ndimakana n'choti chizigamula m'malo mwa injiniya.

Pa 23 Ogasiti 1991, tsinde la konkire la nsanja yokumbira gasi yotchedwa Sleipner A linamira pamene ankaliyesa m'madzi pafupi ndi Stavanger, ku Norway. Ofufuza anapeza kuti chifanizo cha pakompyuta chinachepetsa mphamvu yong'amba khoma ndi pafupifupi 47 peresenti, chifukwa pamphambano ya makoma tizidutswa tija tinagawidwa mokhota, ndipo zitsulo zomwe anaikapo zinaperewera. Chuma chokwana pafupifupi madola 700 miliyoni chinatayika pa ngoziyo. Makinawo anawerengera mokhulupirika zomwe anapatsidwa, ndipo zithunzi zake zinkaoneka zolongosoka ngati zina zonse. Apa ndiye pamandiopsa: yankho lolakwika limatuluka laukhondo, la manambala ambiri, losachititsa munthu kukayika. Ku London nkhani inali ina. Millennium Bridge, mlatho wa anthu oyenda pansi woolokera mtsinje wa Thames, unatsegulidwa pa 10 Juni 2000 n'kutsekedwa patangopita masiku awiri. Unkagwedezekera m'mbali, anthu podzichirikiza n'kuyamba kuponda mofanana, kugwedezekako n'kumakula. Kulemera kwa khamu kunawerengedwa, koma funso loti anthu amayenda bwanji pansi pakamagwedera silinafunsidwe mokwanira. Unatsegulidwanso mu 2002 ataikamo zida zoletsa kugwedezeka.

Ena amati izi n'zakale, mapulogalamu a lero ndi anzeru. Liwiro lowerengera lakuladi, koma zomwe timalowetsamo zimachokerabe kwa ife: kulimba kwa dothi, ubwino wa mchenga, kuchuluka kwa mvula. Pokonza mlatho ndimafunsa chifanizo kuti madzi osefukira angafike pati, icho n'kuyankha potengera kaundula wa mvula ndi mmene mapiri amasungira madzi. Ngati manambalawo ndi a zaka zomwe mapiri anali ndi mitengo, yankho lidzakhala la mtsinje womwe kulibenso, ndipo aliyense amene anaona milatho yokokoloka kum'mwera kwa Malawi pa namondwe Freddy mu Marichi 2023 akudziwa kuti madzi amabwera ndi miyala ndi zitsa zomwe zimatseka kalavati m'kanthawi kochepa.

Enanso amadandaula kuti kuyesa zinthu zenizeni n'kuwononga ndalama pamene kompyuta yavomereza kale. Ndege ya Boeing 777, yomwe inauluka koyamba mu 1994, inajambulidwa yonse pa kompyuta, komabe akatswiri ake anapinda phiko lenileni mpaka linathyoka litasenza 154 peresenti ya katundu wamkulu yemwe amayembekezereka paulendo. Chifanizo chinawauza poyang'ana, phikolo linatsimikiza. N'chifukwa chake ndisanasaine pulani ndimatenga pensulo n'kuwerengera mtanda umodzi pamanja. Zikasiyana kwambiri ndi za pa sikirini, sindipitiriza mpaka nditapeza chifukwa. Ndimapita kukafumbata dothi la pamalopo, ndimafunsa okalamba a m'mudzi pomwe madzi anafikapo, ndipo timabokosi ta konkire tomwe amisiri amaumba tsiku lothira ndimadikira kuti tiphwanyidwe pamakina pakatha masiku 28.