Maso ndi Maso ndi Shaki wa Zambezi

Kumwera kwenikweni kwa Mozambique, pafupi ndi malire a South Africa, kuli mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya mcere wochedwa Ponta do Ouro. Cimene cimakokera alendo kumeneko ndico matanthwe a pansi pa nyanja, makamaka lina lochedwa Pinnacles, limene nsonga yake ili pafupifupi mamita 30 pansi pa madzi.

Tinafikako mu January, nyengo imene ashaki amasonkhana pa thanthwelo. Titabereka mabotolo a mpweya, tinamira pang'onopang'ono mpaka kuwala kwa dzuwa kunacepa. Tinayamba kukumana ndi cinsomba cochedwa potato bass, ca msinkhu wa munthu wamkulu, kukamwa ngati mtsuko. Kenaka nsomba zing'onozing'ono zinapatuka monga anthu apatukira mfumu, ndipo anatulukira mwini malo, wotuwa, wa mphuno yobuntha.

Kumwera kwa Afrika amamucha shaki wa Zambezi, pakuti amatha kukhala ngakhale m'madzi opanda mcere, nakwera mitsinje. M'caka ca 1852 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, analemba za shaki wa mu mtsinje wathu womwewu. Wamkulu amapitirira mamita 3.

Pamene shakiyo anatizungulira, mtima unati thawa. Koma wotitsogolera anali atatilangiza kuti pansi paja coopsa koposa ndi mantha. Pa mamita 30 madzi amapanikiza mpweya kotero kuti umene uli m'mapapo umafufuma kanayi pofika pamwamba. Munthu wothawira kumwamba atagwira mpweya angathe kung'amba mapapo ace. Ngakhale akupuma, kukwera mofulumira kumadzetsa thovu m'magazi, limene lingathe kupumbwitsa ziwalo. Cotero tinakhala pamodzi, manja pacifuwa, maso pa iye. Anatiyang'ana, napita. Ife tinakwera mosathamanga, n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero amene ali pangozi ndi shakiyo. Mu 2021 bungwe la IUCN linamuika pa gulu la zamoyo zimene zingathe kutha, cifukwa ca usodzi wopyola muyeso ndi kuonongeka kwa mathiriro a mitsinje, kumene amaberekera. Madzi a Ponta do Ouro akhala otetezedwa kuyambira 2009, ndipo tsopano ali m'dera la Maputo National Park. Koma shaki sadziwa malire, ndipo akaturuka m'deralo, mbedza ndi maukonde zimamuyembekezera.